Kalata ya ku Chichiri

M'Mangochi monse munalibe munthu wodziwa mabasi a mu Blantyre kuposa Macloud, ndipo mboni ya nkhaniyi anali iye mwini. Zaka ziwiri zimene anakhala kumeneko pophunzira zauphunzitsi zinamupatsa ufulu wolankhula za Limbe ngati mudzi wa amalume ake. Loweruka limenelo kwaya itangoweruka, anamukokera Celestina kuseri kwa tchalitchi n'kutulutsa pepala la m'kope lolembedwa mbali zonse ziwiri.

"Choyamba," anatero, chala chili m'mwamba ngati ali ndi ana a Sitandade 5, "basi ya m'tauni saibaya ndi dzanja ngati matola a ku Namwera. Imaima pa siteji pokha. Chachiwiri, uziwerenga pamphumi pake. Yako ndi yopita ku Blantyre kudzera mu msewu waukulu. Ikalembedwa Ndirande, isiye ipite, ngakhale kondakitala akusekerere."

"Nanga akandisekerera kawiri, aphunzitsi?"

"Ukwere, koma kuno usabwerenso."

Anaseka onse awiri, koma mtima wa Celestina sunali pa nthabwala. Lachiwiri 9 koloko m'mawa ankayenera kukapezeka mu holo ya pa koleji ya yunivesite ku Chichiri, kalata yomuitana ili m'manja. Bungwe lina lothandiza othawa nkhondo linali ndi malo ochepa olipirira maphunziro ana a ku Mozambique amene anakhoza bwino Folomu 4, ndipo linkafuna kuwaona maso ndi maso. Kwa ena inali nkhani ya sukulu chabe. Kwa Celestina inali nkhani yotsala m'Malawi, pafupi ndi mphunzitsi wolongololayu, kapena kuchoka.

Nkhondo inali itatha, malole atayamba kututa anthu kudzera pa Chiponde. Bambo ake a Celestina, a Lourenco, amene anawoloka malire zaka zisanu ndi ziwiri m'mbuyomo atanyamula nyundo yokhomera ndowa basi, tsopano ankagona ndi kudzuka ndi dzina la Mandimba pakamwa. Chigamulo chawo anachinenera pa khonde anthu akumva: mwana akapeza malo a sukuluwo atsala, akalephera akwera lole, ndipo akakafika akakwatiwa ndi Nelson, mwana wa mnzawo, wa njinga ziwiri ndi okala. Za Macloud sankafuna n'kumva komwe. "Mphunzitsi wa boma alibe mudzi," ankatero. "Lero Mangochi, mawa Nsanje."

"Chachitatu, Cele, tamvera," Macloud anamugwira chala. "Ukangodutsa sitediyamu, udine belu. Kabatani kofiira. Ukapanda kudina, dalaivala alibe nawe chibale."

"Mukanandiperekeza bwenzi zonsezi palibe."

"Bambo ako akakhala pa depoti ngati apolisi a pa Chiponde. Koma usade nkhawa. Ndikambirana kaye ndi Janeth."

Celestina anachotsa chala chake. Janeth anali wotayipa makalata ku ofesi za boma, mtsikana wa tsitsi lowotcha amene ankangopezeka paliponse pamene Macloud wapezeka, ndipo nthawi zonse ankati zangochitika.

"Janeth wakhala liti mlangizi wanu?"

"Udzaona wekha."

"Ndaona kale," anatero Celestina. Anapinda pepalalo n'kumapita osatsanzika.

*

Lamulungu masana mayi ake a Celestina, a Ines, analanda diresi la buluu la mwana wawo, lokhalo loyenda nalo. Analichapa, analiviika mu sitachi ya chinangwa, analisita mpaka makala kutha m'simbi. Kenako anakhala pa mkeka ndi singano, akuti mpindiro wa m'munsi wamasuka. Celestina anali kuseri kwa nyumba kubwereza Chingerezi chokayankhira mafunso. Kalata ija inali mu envelopu yake, envelopu m'chikwama, chikwama pa msomali.

Lolemba m'mawa mayiwo anaumirira kuti diresilo alivale pa ulendo. "Akuba a ku Limbe amadula zikwama ndi lezala, mwanangu. Cha pathupi ndiye chako."

Pa depoti a Lourenco anaima pakhomo pa basi manja atapinda, kuwerenga nkhope za amuna onse okwera. Womuperekeza Celestina anali mayi Abiba, mnzawo wa a Ines wogulitsa usipa, amene anali ndi mchemwali wawo ku Bangwe kokagona. Macloud analipo ndithu, koma tsidya la msewu, ndipo sanali yekha. Janeth anali atatsamira njinga yake, mitu yawo itayandikana, kuseka kwake kukumveka mpaka ku msika.

Kenako Janeth anawoloka msewu, mano onse pamtunda.

"Mtsikana wa ku yunivesite! Bweretsa chikwamacho ndikugwirire, uthandize amayiwa madengu awo. Koma ukasamale, m'tauni muja anthu akumudzi amasochera ali chiimire."

Kukana pamaso pa akuluakulu kukanakhala mwano. Celestina anapereka chikwamacho, anakweza madengu atatu a usipa, n'kuchilandiranso osathokoza.

Dalaivala ataliza hutala, a Ines anagwada pansi pa fumbi pomwepo. Anagwira mpindiro wa diresi, anaukoka katatu, n'kuyang'ana mwana wawo kumaso. Koma maso a mwanayo anali tsidya la msewu, kumene Janeth anali atabwerera kale.

"Amayi, anthu akuona. Diresili lili bwino."

Anakwera. Ulendo wonse, kudutsa Liwonde, kudutsa Zomba, nsanje inamudya moti phiri la Zomba sanalione n'komwe. Chimene ankamva ndi diresi lolimba likumukanda m'katumba, ndipo anangoti mayi ake achulutsa sitachi.

*

Lachiwiri mayi Abiba anamufikitsa pa siteji ya mu Limbe 8 koloko isanakwane.

"Ine usipa wanga sudikira digiri," anatero. "Ukasochera uzifunsa. Safunsa anadya phula."

Celestina anatsala yekha ndi pepala la Macloud m'manja. Mwini pepalayo anali atamukwiyitsa, koma pepalalo linalibe mlandu. Anthu pano ankayenda ngati onse aitanidwa ku maliro amodzi, ndipo amene iye anawapatsa moni anamuyang'ana ngati akufuna kuwabera. Basi yoyamba inalembedwa Ndirande. Kondakitala wake anamusekereradi, ndipo Celestina anayang'ana kumbali. Yachiwiri inali yake, koma pamene iye ankapatsa mpata agogo ena kuti akwere, anthu makumi atatu anamudutsa m'khwapa, basi n'kunyamuka. Yachitatu ulemu anausiya pa siteji. Analowa ndi chigongono ngati wobadwira pomwepo, napeza poima pakati pa bambo wa jekete ndi mayi wonyamula nkhuku.

Basi inkaima, kutsitsa, kukweza, kuimanso. Iye maso pawindo. Kenako anaona makoma a sitediyamu. Belu! Anayang'ana uku ndi uku, koma kabatani kofiira kaja kanali kuseri kwa mapewa a anthu, ndipo nyumba zazitali za pa koleji zinayamba kudutsa pawindo. Apo maphunziro onse a Macloud anauluka, n'kutsala a ku Namwera. Anamenya denga la basi ndi chikhatho katatu, phaa! phaa! phaa!

"Tsitsani pano, adalaivala! Tsitsani!"

Basi yonse inafa ndi phwete.

"Achemwali, ino si matola a nsomba!" kondakitala anakuwa. "Mukatsikira pa chipatala cha Gulupu, mukapimitsenso mutu konko!"

Mayi wa nkhuku ndiye anamumvera chisoni. Anatambasula dzanja n'kudina belu, nati, "Musalire, mwana wanga, ndi pafupi. Mukatsika mubwerere ndi msewu womwewu."

Anatsika pa siteji ya pa chipatala n'kuliyatsa liwiro, nsapato za pulasitiki zikumuluma zidendene. Wotchi ya pakhoma la holo inkati kwatsala mphindi khumi ndi zisanu. Celestina anapumira m'mwamba. Wafika, yekha, popanda mwamuna womugwira dzanja.

*

Pakhomo pa holo panali tebulo, ndipo pa tebulopo bambo wa tayi ndi mndandanda wa maina.

"Kalata yokuitanani."

Celestina anatulutsa envelopu mwaulemu, ndi manja awiri. Bamboyo anaitsegula, anasolola chimene chinalimo, n'kuchifunyulula. Chinali chidutswa cha nyuzipepala yakale, chopindidwa bwinobwino mofanana ndi kalata.

"Mayi, mwabwera kudzandiwerengera za mpira?"

Celestina anasuzumira mu envelopu muja. "Inalimo, bambo. Ndikulumbira inalimo. Dzina langa lili pa mndandandapo, Celestina Lourenco."

"Dzina aliyense angathe kulitchula. Lamulo likuti kalata ya chidindo. Ikakwana 9 ndikutseka chitseko."

Anapatuka, nakhuthulira chikwama chonse pa simenti: chipeso, sopo, chitenje, korona. Kalata panalibe. Ndipo m'mutu mwake munabwera mano oyera aja a pa depoti, ndi manja amene anagwira chikwamachi iye akukweza madengu.

"Cele!"

Fungo ndi limene linayamba kufika, mwini wake pambuyo. Macloud anali ataima apo, malaya a ku sukulu ali makwinya okhaokha, mamba a chambo atamatirira pa buluku.

"Ndakhala pa geti kuyambira m'mawa, wandidutsa ngati mphepo. Watani?"

"Mukamufunse Janeth wanu!" Misozi inali itayamba kale. "Waba kalata yanga, waikamo nyuzi. Mwapangana kuti ine ndikwere lole, inu mutsale awiri. Si zimene munkaseka pa depoti?"

"Pa depoti ndinkapempha malo pa lole ya nsomba ya mchimwene wake! Ukuganiza kuti fungoli ndagula ku sitolo? Ndakhala pa madengu kuchokera ku Mangochi kuti ndidzaone ngati wadina belu."

"Sindinadine!"

"Ndinadziwa!"

Celestina analibenso mphamvu zokangana. Anagwada kuti atole katundu wake, ndipo kuseri kwa bondo lake china chake chinati khwaa. Anasuntha bondo. Khwaa. Sitachi salira choncho.

Anagwira mpindiro, ndipo zaka zisanu ndi ziwiri zinabwerera. Tsiku limene ankathawa ku Mandimba, ali ndi zaka khumi ndi zitatu, mayi ake anasokera makadi a ubatizo ndi mapepala a sukulu mu siketi yake osamuuza. M'kathumba ka m'manja anaikamo mapepala achabe, oti wolanda alande. Atawoloka, mayiwo anagwada, anakoka mpindiro katatu, kenako n'kuutumbula. "Mwana sauzidwa," anatero tsiku limenelo. "Akadziwa, dzanja limangopita pomwepo, ndipo wa mfuti amayang'ana dzanja." Sukulu ya ku Malawi inamuphunzitsa Celestina kuti kalata imakhala mu envelopu. Mayi ake sukulu imeneyo sanapiteko.

"A Macloud," anatero motsitsa mawu, "muli ndi lezala?"

Kufunsa mphunzitsi wa pulayimale ngati ali ndi lezala! Inatuluka m'thumba la malaya, yosongolera mapensulo, yokutidwa m'kapepala. Koma malo olirawo anali kumbuyo, kosafika maso a mwini diresi. Celestina anaimirira n'kutembenuka, ndipo Macloud, mwamuna wa ulemu wake, anagwada pa simenti pamaso pa yunivesite yonse n'kuyamba kudula ulusi.

Anyamata a pa koleji amene ankapita ku makalasi anaima. Mluzu unalira.

"Akulu, pofunsira amagwada kutsogolo, osati kumbuyo!"

"Muloleni, achemwali, wavutika! Mpaka kununkha nsomba!"

Macloud thukuta lili kamukamu, anangoti, "Mayi ako amasoka ngati akumanga mlatho." Ulusi unaduka. Panamveka kufunyulula kwa mapepala, kenako kachetechete pang'ono, ndipo dzanja lake linatulukira pambali pa Celestina litagwira kalata yopindidwa motalika ngati lamba, chidindo chili pomwepo.

Bambo wa tayi anaiyang'ana, anayang'ana mpindiro wolendewera, nayang'ana wotchi. Kunali kutatsala mphindi zitatu.

"Lowani, mayi. Pa zaka zanga zonse, positi ofesi yotere sindinaionepo."

*

Anatuluka dzuwa lili pamutu, akuyenda ngati watula mtolo wa nkhuni. Macloud anali pansi pa mtengo, atagula Fanta awiri ndi mabanzi.

"Zayenda?"

"Ofunsa mafunso anali atatu. Chingerezi changa chinathawa pa funso loyamba, chinabwerera pa lachiwiri. Kenako mayi wina anandifunsa chimene chachitikira diresi langa. Ndinawauza zonse, kuyambira ku Mandimba. Anasiya kuseka, anayamba kulemba. Akuti mayankho atumiza pakatha mwezi, koma mayi uja potuluka anandigwira phewa."

Anakhala pansi n'kumwa Fanta theka osapuma. Chimwemwe chinamukwera mpaka anayamba kuseka yekha, misozi ikutsika. Anali asanapepukidwepo chotere chiwolokereni malire.

"Janeth ndamunamizira," anatero kenako. "Ndikamupepesa."

"Osafulumira. Malo a pa lole aja anandipatsa poganiza kuti ndikupita ku msonkhano wa aphunzitsi. Akadzamva kuti ndinkatsatira iwe, ndidzafunika lole ina yothawira."

"Ndiye kuti amakufunanidi."

"Amandifuna. Koma ine ndagwadira diresi limodzi lokha, ndipo mboni zilipo mazana awiri."

Celestina anamumenya ndi chitenje paphewa. Anabwereka mapini awiri kwa mayi wogulitsa nthochi n'kumangirira mpindiro. Pobwerera ku Limbe anawerenga yekha pamphumi pa basi, analowa ndi chigongono, nasankha mpando woyandikana ndi kabatani kofiira. Atayandikira msika anakadina mwamphamvu, belu n'kulira ngii, ndipo anatembenuka kuti aphunzitsi amupatse malikisi. Koma aphunzitsi anali kuyang'ana pawindo, dzanja lili pa thumba la malaya. Celestina anangoti ndi kutopa kwa pa lole.

*

Lachitatu anakwera basi ya m'mawa yobwerera ku Mangochi. Mayi Abiba anatsalira ku Limbe ndi usipa wawo, choncho mpaka pa Liwonde awiriwo anakhala mpando umodzi, akudya chinangwa chophika, Celestina akumanga kale nyumba m'malere: iye ku koleji, Macloud kupempha kusamukira ku Blantyre, ukwati chaka chachitatu. Macloud ankangovomera ndi mutu.

Kupitirira Ulongwe nkhope zodziwika zinayamba kuchuluka m'basimo, ndipo Macloud anasamukira mpando wa kumbuyo. Anali atagwirizana kuti iye atsikire panjira, basi isanafike pa boma, kuti a Lourenco asamuone. Malo aja atayandikira anaimirira, nawerama ngati akumanga chingwe cha nsapato pafupi ndi mpando wa Celestina.

"Cele, undikhululukire. Mu mpindiro muja mapepala anali awiri."

"Awiri?"

"Linalo ndinalibisa. Ukanaliona dzulo, mu holo muja sukanayankha funso ngakhale limodzi. Ndinafuna ukhaleko ndi tsiku limodzi losangalala." Anamufumbatitsa pepala lopindidwa ngati lamba. "Usachite kanthu usanandione. Mawa kuseri kwa tchalitchi."

Basi inaima, iye anatsika. Celestina anamuona pawindo ataima m'fumbi, akucheperachepera.

Anafunyulula pepalalo. Linali la kalembera wa anthu obwerera kwawo, la chidindo chofiirira. Tsiku lonyamuka: Lolemba likudzali, pa Chiponde. Masiku asanu, pamene mayankho a ku Chichiri ankafuna mwezi. Anatsitsa maso. Pa mzere wa mutu wa banja sipanalembedwe Lourenco. Panalembedwa Nelson. Pansi pake panali dzina lake iye, Celestina, ndipo pambali pa dzinalo mawu amodzi: mkazi wake. Tsiku lolembetsa linali la masabata atatu apitawo, chigamulo cha pa khonde chija chisananenedwe n'komwe.

Ndiye kuti bambo ake anamulola kupita ku Blantyre ngati mmene amamulolera mwana kusewera panja madzi osamba akutenthedwa. Zinamuwawa kuposa kalata yosowa ija.

Koma pepalali linkakhala m'kabokosi ka chitsulo ka a Lourenco, kiyi wake ali m'khosi mwawo. Silikanalowa lokha mu mpindiro. A Ines kuwerenga sankadziwa, koma mapepala a m'nyumba mwawo ankawadziwa lililonse ndi nkhope yake, ndipo pakamwa pawo panali patatsekedwa ndi mwamuna wawo. Anangotsala ndi singano.

Basi inakhota kulowa mu depoti. A Lourenco anali pomwe paja, manja atapinda. Pambali pawo panali Nelson, malaya atsopano, atagwira njinga ya mtsamiro pa kaliyala. Kumbuyo kwa amuna awiriwo kunali a Ines, ndipo iwo okha sankayang'ana nkhope za otsika. Ankayang'ana m'munsi, ku miyendo.

Celestina anabisa pepalalo pachifuwa n'kutsika. Mayi ake anaona mapini awiri aja, anaona ulusi woduka, nakweza maso pang'onopang'ono.

"Mwayenda bwanji, mayi a kunyumba?" anatero Nelson akumwetulira, dzanja litatambasukira chikwama.

Celestina anayang'ana mayi ake. Anawerama ngati akuchotsa chisoso pa diresi, anagwira mpindiro, n'kuukoka katatu.